Mlandu wa Manachesi Amene Kulibe

Kutsidya kwa mtsinje wa Sindinaone, m'munsi mwa mapiri a Musandifunse, kuli ufumu wotchedwa Zidapita. Amene anafikako amati ndi dziko labwino. Mvula imagwa pa nthawi yake, anthu amapatsana moni kawirikawiri, ndipo chiyambire m'dzikomo simunachitikepo choipa. Zimenezi n'zotsimikizika, pakuti kuli Unduna wa Mbiri Yabwino, ndipo nduna yake, a Fufutani, imalowa ntchito m'mamawa tsiku lililonse kukaonetsetsa kuti dzulo likuyenda bwino.

Mfumu ya dzikolo inali Sindilakwa Wachitatu, amene analowa ufumu wa amalume ake, Sindilakwa Wachiwiri. Inali mfumu yofatsa, yonenepa mwaulemu, ndipo inkakonda zinthu ziwiri: kuomberedwa m'manja ndi manachesi a m'munda wake wa pa Phiri la Chete. Manachesiwo anali otsekemera moti alendo akalawa ankafunsa kuti anadzala ndani. Zikatero a Fufutani ankatsokomola n'kuyamba kukamba za mvula.

Pa msika wa Tamvani panali mayi wina wogulitsa thobwa ndi zigumu, dzina lake Elufe Matewere. Anali wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wa lilime lakuthwa moti ngakhale okhometsa ziphaso ankayamba am'patsa moni asanatulutse buku. Tsiku lina ndowa yake ya thobwa inabooka, ndipo anaitana mmisiri wa malata amene ankadutsa ndi nyundo yake, bambo wamtali wa imvi wotchedwa Binisoni Chadzunda. Ntchito itatha, mayi Elufe anam'patsa chigumu. Bamboyo anachinyema pakati, n'kutembenukira kukhoma, n'kudya theka mofulumira ngati wina akum'thamangitsa. Theka linalo analilowetsa m'malaya, pamimba.

Mayi Elufe anaima n'chikho m'manja.

"Achimwene," anatero chapansipansi, "inu nambala yanu inali chiyani?"

Nyundo inagwa pansi. A Binisoni anawayang'ana nthawi yaitali.

"Fifite-folo."

"Ine sevente-thuu."

Tsiku limenelo thobwa silinagulitsidwe. Anthu awiri okalamba anakhala pa benchi osayankhulana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo ogula ankangodutsa poganiza kuti pagwa maliro.

Nkhani yake inali iyi. M'chaka cha njala, mu ulamuliro wa Sindilakwa Wachiwiri, malole a mfumu anayenda m'midzi kutenga ana a anthu osauka. Makolo anauzidwa kuti anawo akupita ku Khomo la Chisomo pa Phiri la Chete, kumene kuli sukulu, nsapato ndi chakudya katatu pa tsiku. Atafika kumeneko anawalanda mayina n'kuwapatsa manambala. Choko sanachione. Chakudya chinali chochepa moti aliyense anaphunzira kudya mobisa n'kusunga theka m'malaya. Ankakumba mayenje a mbande kuyambira tambala woyamba, n'kumatunga madzi kumtsinje kukwera nawo phiri pamutu. Wolira ankamenyedwa chifukwa chosayamika. Woseka ankamenyedwa chifukwa ayenera kuti akupangana zoipa. Panali kachipinda kopanda zenera kotsekeramo olakwa, ndipo kameneko ndi kokhako kamene kankatchedwa kalasi. Atsikana osinkhukirapo ankaitanidwa kukasesa kunyumba ya woyang'anira, ndipo ankabwerako osayankhula. Ena mwa iwo sanayambebe kuyankhula za kumeneko mpaka lero. Mitengo itayamba kubereka, Khomo linatsekedwa, ana anatayidwa pamsewu, ndipo njerwa za nyumba zija anakamangira khola la ng'ombe za kunyumba yachifumu.

Mayi Elufe anapita kumeneko ndi mlongo wawo wamng'ono, Lufeyo, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina m'mawa anapeza chiguduli chake chili chokha. Anauzidwa kuti wathawa. Kuyambira pamenepo, kwa zaka makumi asanu, basi iliyonse ikaima pa Tamvani mayi Elufe ankasiya chikho n'kuyang'ana nkhope za otsika.

Awiriwa anayamba kufunafuna anzawo. A Binisoni, poti ntchito yawo inali yoyendayenda, ankati akapatsidwa chakudya pakhomo n'kuona mwini nyumba akudya choimirira, ankafunsa funso lija. Pakutha pa chaka anapezana anthu makumi atatu ndi mmodzi. Anagwirizana zopempha zitatu: kuti mfumu inene pakamwa pake kuti zinachitika, kuti auzidwe kumene kuli anzawo amene sanabwerere, ndiponso kuti apatsidwe chipepeso. Kenako anavala zovala za kutchalitchi n'kupita kubwalo lachifumu.

Mfumu inawalandira bwino kwambiri. Inamvetsera mayi Elufe akuyankhula, uku ikusenda nachesi, ndipo atamaliza inapukuta m'maso, pakuti madzi a khungu la nachesi anali atailowa m'diso. Nduna zonse zitaona zimenezo nazonso zinapukuta m'maso.

A Fufutani anaimirira. "Gogo Chalo, mwini dziko, mthunzi wa amasiye! Anthu anuwa ayankhula bwino. Koma akuluakulu anati madzi akatayika saoleka."

"Akuluakulu omwewo anatinso mlandu suola," anayankha mayi Elufe.

"Amenewo anali akuluakulu a dziko lina, mayi."

Mfumu inalamula kuti pakhazikitsidwe Komiti Yofufuza Ngati N'koyenera Kufufuza. Komitiyo inakakhala miyezi isanu ndi itatu ku nyumba ya alendo ya m'mbali mwa mathithi, chifukwa nkhani yachisoni chotere siikambidwa pamalo otentha. Mamembala ake anabwerako makosi atalowa m'mapewa, ndi ganizo limodzi: odandaulawo aonetse zipsera.

Choncho dokotala wa kunyumba yachifumu anabwera ndi chingwe choyezera. Anayeza msana wa a Binisoni kuchoka paphewa kufika m'chiuno, analemba, anagwedeza mutu, n'kulengeza kuti zipserazo n'zakale kwambiri moti sizingadziwike mwini wake.

"Mwini wake ndine, adokotala," anatero a Binisoni akuvala malaya. "Amene tikufuna ndi mlembi wake."

Mayi wina anafunsa kuti nanga zipsera za mkati aziyeza bwanji. Dokotala anati chingwe chake sichifika kumeneko, ndipo chimene chingwe sichifika boma silichidziwa.

Patapita sabata, aliyense wa iwo analandira mphatso ya chifundo cha mfumu: bulangete limodzi ndi kalendala yokhala ndi chithunzi cha Sindilakwa Wachitatu akumwetulira. Mabulangete anasunga, poti kunali kuzizira. Makalendala anawabweza ndi uthenga waulemu wakuti masiku akuwadziwa kale, amene akusowa ndi zaka.

Mawu amenewa anayenda msika wonse, kuchoka kwa ogulitsa usipa kukafika kwa osoka nsapato, ndipo mfumu itamva kuti anthu akuseka popanda chilolezo inaitanitsa nduna zake.

"A Fufutani, nkhaniyi ikukula. Amalume anga anali munthu wabwino."

"Wabwino zedi, Gogo Chalo. Vuto si amalume anu. Vuto ndi lakuti anthuwa akuloza malo. Malo akachoka, chala chilibe poloza."

"Phiri lingachoke?"

"Phiri ayi. Koma zapaphiripo zingachoke, ngati mutasaina apa."

M'mawa mwake mneneri wa mfumu anakwera pa ngolo pakati pa msika wa Tamvani ndi chimkuzamawu chake.

"Tamverani, tamverani! Lamulo la mfumu! Kuyambira lero, ndiponso kuyambira kale, zidziwike kuti pa Phiri la Chete sipanamangidwepo kanthu, sipanakumbidwepo kanthu, sipanadzalidwepo kanthu, ndipo sipanagonepo mwana wa munthu. Wonena zosiyana ndi izi akunyoza mpando!"

Kenako wometa tsitsi anauza amene ankam'meta kuti nayenso akufuna lamulo lotere lokhudza ukwati wake woyamba. Wogulitsa makala anafunsa ngati mneneriyo angabwereze, chifukwa iye anamva kuyambira lero koma zam'mbuyozo sizinam'fike bwino.

A Binisoni anabwera pa benchi ya thobwa ali wefuwefu. "Achemwali, atimaliza. Tsopano ngakhale ife kulibe."

Mayi Elufe anadzuka pa benchi. Anapita kwa mneneri uja n'kumupempha pepala limodzi la lamulolo, lokhala ndi chidindo, ati akalipachike m'nyumba. Mneneriyo anasangalala kuona nzika yokonda malamulo, ndipo anawapatsa awiri. Atabwerera anakhala pansi, anawerenga pang'onopang'ono ndi chala, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Achimwene, uno ndi mwezi wanji?"

"Juni."

"Manachesi apsa?"

"Apsa. Nthambi zikuthyoka."

"Ndiye auzeni anzathu abwere mawa ndi madengu. Wokhala ndi wilibala abwere nayo."

Anakwera phirilo dzuwa lili pamutu, anthu makumi atatu ndi mmodzi, ena ndi ndodo, ena akupuma pa mwala uliwonse. Ambiri anali asanapondepo chichokereni. Atafika pachipata mayi wina anakhala pansi, ndipo anzake anam'dikira osam'fulumiza. Atadzuka yekha, analowa.

Mlonda wa mundawo, a Gerisomu, anatuluka m'kanyumba kake ndi chibonga. "Imani pomwepo! Mukufuna chiyani m'munda wa mfumu?"

"Munda uti, bambo?" anafunsa mayi Elufe.

"Uwu! Simukuuona?"

"Samalani pakamwa, bambo, muli ndi ana." Anam'patsa pepala lija. "Werengani. Inu mukuti pano panadzalidwa kanthu?"

A Gerisomu anawerenga. Anayang'ana mitengo, anayang'ana chidindo, anayang'ananso mitengo. Mitengo inali yambiri, koma chidindo chinali cha mfumu.

"Nanga ineyo ndimalondera chiyani?" anafunsa ndi mawu ofooka.

"Mphepo, bambo. Ndipo mukuilondera bwino. Tagwirani denguli."

Madzulo ake pa Tamvani panali milumilu ya manachesi. A Binisoni, amene chibadwire anali asanakuwepo pagulu, ankaitanira ogula: "Manachesi a kulibe! Otsekemera ngati sanadzalidwe! Lawani musanauzidwe kuti simunalawe!" Anthu anagula, anadya, ndipo ambiri anavomereza kuti pa zinthu zonse zimene kulibe m'dziko la Zidapita, izi zokha ndi zimene zinali ndi madzi.

Tsiku lachitatu asilikali anabwera n'kuwagwira onse.

Mlandu unakambidwa pa bwalo lalikulu, ndipo anthu anadzaza mpaka m'mazenera. Woweruza anali mayi Ndaziona, amene anali atatsala ndi mwezi umodzi kuti apume pa ntchito, ndipo mantha awo anali atapuma kale. Woimira boma anali a Fufutani eniake. Kutsogolo, pa mpando wa alendo olemekezeka, kunakhala nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi anayi, yovala jekete ndi mendulo pachifuwa, chikwama chachikopa chili pamiyendo. Amenewa anali a Lendisoni Mkwapula, amene kale anali woyang'anira Khomo la Chisomo, ndipo mendulo yawo inali yolembedwa kuti Tate wa Ana. Sankaphonya mlandu uliwonse waukulu, chifukwa ankakonda kuona anthu akulangidwa. Oimbidwa mlandu atawaona, ena anaweramitsa mitu monga ankachitira kale. Mayi Elufe anawagwira mkono mmodzimmodzi mpaka mitu inadzuka.

"Anthu awa," anayamba a Fufutani, "aba manachesi a mfumu pa Phiri la Chete."

"Mwamva mlandu wanu, mayi?" anafunsa woweruza.

"Tamva, wolemekezeka. Koma ife ndife anthu omvera. Mfumu inati pamenepo sipanadzalidwepo kanthu. Tinapita kukaona, ndipo tinapezadi palibe kanthu. Ndiye tinatengako pang'ono."

Bwalo linaphulika. Woweruza anamenya tebulo, koma osati mwamphamvu kwenikweni.

"A Nduna, musanandionetse wakuba, ndionetseni chobedwa. Pa phiripo pali munda kapena palibe?"

"Ulipo, wolemekezeka."

"Ndiye mukutsutsa lamulo la mfumu? Mlembi, lembani."

"Ayi, ayi, asalembe! Ndikutanthauza kuti mitengo ilipo, koma siinadzalidwe."

"Inabwera bwanji?"

A Fufutani anapukuta thukuta. Anali munthu wophunzira, ndipo sanachedwe kupeza njira. "Inamera yokha, wolemekezeka. Anyani. Anyani ankadya manachesi kwina, n'kumadzataya njere paphiripo. Mwa chisomo cha mfumu, zinamera."

"Anyani?"

Mawuwo anachokera pa mpando wa alendo olemekezeka. A Mkwapula anali ataimirira, ndodo ili m'manja.

"Iwe Fufutani, ukuti anyani? Nyani amadziwa mzere? Nyani amadziwa kuti dzenje likhale lofika m'chiuno, mapazi khumi ndi awiri kuchoka pa linzake? Mitengo zikwi zinayi, yoongoka ngati asilikali, iwe n'kupatsa ulemu anyani?"

"Agogo, khalani pansi, mwatopa," ananong'ona a Fufutani.

"Sindinatope! Munda umenewo ndi ntchito ya manja anga! Ndinaudzala ine, ndi ana opanda pake amene ndinawasandutsa anthu!"

"Bwalo likufuna kumva bwino," anatero mayi Ndaziona. "Apatseni mpando wa mboni. Bambo, muli ndi umboni wa zimene mukunenazi?"

"Umboni?" A Mkwapula anaseka monyoza n'kutsegula chikwama chawo. Anatulutsa buku lalikulu lachikuto chakuda. "A unduna anabwera katatu kudzalifuna kuti akalisunge. Ndinawakaniza. Ndimayenda nalo, chifukwa kunyumba adzukulu angapichirire fodya. Taonani zilembo zake. Masiku ano alipo amene amalemba chonchi?"

A Fufutani anapempha kuti bwalo liyambe lapuma chifukwa mutu wawagwira. Woweruza anawauza kuti akhoza kudwala ali pomwepo.

Ndipo nkhalamba ija inavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, monyadira, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Nambala wani, dzina lake, mudzi wake, mayenje amene anakumba. Nambala thuu. Inawerenganso zilango, tsiku ndi tsiku, zikoti zingati, masiku angati m'kalasi. Poyamba anthu ankaseka poona nkhope ya a Fufutani. Kenako kuseka kunayamba kuchepa. Dzina lina litatchulidwa, bambo wina pakati pa oimbidwa mlandu anayankha kuti "Wawa," asanadziwe n'komwe kuti wayankha. Linali dzina limene mayi ake anam'patsa, ndipo anali asanalimve zaka makumi asanu.

"Fifite-folo, Binisoni Chadzunda. Waulesi, koma wamphamvu."

"Ndilipo," anatero a Binisoni.

"Sevente-thuu, Elufe Matewere. Wamwano."

"Ndilipo." Mayi Elufe anaimirira. Mawu awo, amene ankamveka msika wonse, tsopano anali aang'ono. "Wolemekezeka, ndikupempha awerenge wotsatirayo."

A Mkwapula ananyowetsa chala n'kutsata mzere. "Sevente-fili, Lufeyo Matewere. Anakana kudzuka. Analangidwa. Sanadzukebe. Kumunsi kwa mzere womaliza, pafupi ndi mwala woswekapakati."

Mayi Elufe anagwira thabwa la kutsogolo kwawo ndi manja onse awiri.

"Munandiuza kuti anathawa."

"Tinkatero kuti ena asachite mantha n'kusiya ntchito."

"Alipo angati kumeneko?"

Nkhalambayo inatembenuza masamba, ikuwerenga chamumtima. "Makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi." Inakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba inaona mmene anthu ankaiyang'anira. Inayang'ana uku ndi uku kufuna woiombera m'manja. "Koma mitengo inagwira," inatero. "Yonse inagwira."

Mayi Ndaziona anatenga bukulo n'kulikhalira, kuti lisadwale mutu nalonso n'kusowa. Chigamulo chawo chinali chachifupi. A Mkwapula avule mendulo, ndipo asapite kunyumba, pakuti mlandu wotsatira ndi wawo. Za manachesi, bwalo silingasankhire mfumu. Ngati lamulo la mfumu lili loona, paphiripo palibe munda, palibe chobedwa, ndipo aliyense wofuna kukathyola kanthu kamene kulibe apite. Koma ngati munda ulipo, ndiye kuti bukuli n'loona kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo mwini munda ayenera kuyankha zopempha zitatu zija. Mfumu isankhe yokha.

Mfumu inati iganizira. Inaganizira masiku anayi. M'masiku amenewo anthu a ku Tamvani, pomvera chigamulo cha bwalo, ankakwera phiri ndi matumba, mabeseni ndi njinga, ndipo a Gerisomu ankawalozera mizere yakupsa bwino. Tsiku lachisanu m'mawa, wantchito anabweretsa patebulo la mfumu mbale yokhala ndi nthochi.

"Ichi n'chiyani?"

"Nthochi, Gogo Chalo. Manachesi kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Monga mwa lamulo, Gogo Chalo."

Olemba mbiri a ku Zidapita amati tsiku limenelo mtima wa mfumu unagwidwa ndi chisoni chachikulu chifukwa cha ana a dziko lake. A kukhitchini amati inaponya nthochi kukhoma. Mwina zonse ziwiri n'zoona. Chimene chikudziwika n'chakuti masana ake lamulo lija linafafanizidwa, ndipo panatuluka lina: theka la munda liperekedwe kwa amene anaudzala ndi kwa abale a amene anatsala komweko, malo a kumunsi atchingidwe ndipo mayina alembedwe pamwala, ndiponso mfumu ipita yokha kukapepesa.

Tsikulo anthu anadzaza phiri. Kumunsi kwa mzere womaliza udzu unali utalambulidwa, ndipo timitumbira tinkaoneka, tating'onoting'ono, tosayenda mumzere ngati mitengo. Anthu makumi atatu ndi mmodzi aja anakhala pa mabenchi kutsogolo. A Fufutani anali atalemba mawu oti mfumu iwerenge, masamba asanu ndi awiri, onena kuti ngati pena pake zinthu zina zinaoneka ngati zachitika, mpando ukumva nawo mmene ena angamvere. Mayi Ndaziona, amene linali tsiku lawo lomaliza pa ntchito, anatenga mapepalawo n'kunena kuti bwalo likufuna liwu limodzi lokha, ndipo mfumu ikulidziwa.

Mfumu inayang'ana kumwamba, inayang'ana nsapato zake, inakonza mkanjo. Kenako milomo yake inagwedezeka, ndipo panatuluka kamphepo.

Nduna zinaomba m'manja mwamphamvu. Ng'oma zinayamba.

"Pepani, Gogo Chalo," anatero a Binisoni akukweza dzanja. Ng'oma zinaleka. "Khutu langa ili linafa ndi khofi la woyang'anira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sindinamve. Mwati bwanji?"

Mfumu inayandikira. "Ndati pepani."

"Mukuuza ndani?"

Mfumu inayang'ana woweruza, amene anaitsegulira buku. "Pepani, a Binisoni Chadzunda."

"Ndamva tsopano. Zikomo."

Ng'oma zisanayambenso, mayi wa pambali pawo anaika dzanja kukhutu. "Inenso, Gogo Chalo, makutuwa ndi ukalamba."

Ndipo matenda a makutu anagwira benchi yonse, mmodzi pambuyo pa mnzake. Amene dzulo lake ankamva ndalama yachitsulo ikagwa kutsidya kwa msika, lero sankamva kanthu kufikira mfumu itaima patsogolo pawo n'kutchula dzina. Ena ankapempha kuti ibwereze chifukwa mphepo inadutsa. Ena sankaseka n'komwe, ankangotseka maso n'kumvetsera dzina lawo likutuluka pakamwa pa mfumu. Dzuwa linakwera, thukuta linanyowetsa mkanjo, ndipo pofika kwa munthu wa makumi awiri mfumu inali itasiya kuyang'ana nduna zake. Mawu ake anali atasasa, koma ankamveka.

Womaliza anali mayi Elufe.

"Pepani, mayi Elufe Matewere."

"Ndamva, Gogo Chalo. Ine makutu anga ndi abwino."

Mfumu inapuma mozama n'kutembenuka kuti ibwerere ku mpando wake wa pamthunzi. Mayi Elufe anaigwira mkanjo ndi zala ziwiri, monga amagwirira wogula amene waiwala chenji.

"Simunathe. Kwatsala makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi."

Anaitsogolera kumunsi, pa kamtumbira ka pafupi ndi mwala woswekapakati. Mfumu inaima pamenepo, inatsegula buku, n'kunena mokweza: "Pepani, Lufeyo Matewere."

Mayi Elufe anapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Anadikira. Kenako anapukusa mutu.

"Sanamve. Mwanayu ndi wamng'ono, Gogo Chalo, ndipo ali pansi. Inu mwatalika kwambiri."

Mfumu inayang'ana fumbi, inayang'ana mkanjo wake woyera. Palibe nduna imene inatsokomola. Pang'onopang'ono, ikugwira phewa la mayi wogulitsa thobwa kuti isagwe, mfumu Sindilakwa Wachitatu inapinda bondo limodzi, kenako linalo.